Nyumba ya alendo ya George ku Stamford: akavalo, mtokoma ndi njanji imene inailambalala

Munthu akamalowa m'tauni ya Stamford kuchokera kum'mwera, msewu umatsetsereka pang'onopang'ono pakati pa nyumba zamiyala kulunjika ku mlatho wa pa mtsinje wa Welland. Asanafike pamlathopo amadutsa kunsi kwa chimtengo chimene chinapingasa msewu wonse m'mwamba, kuchokera pakhoma la tsidya lino kukagwira khoma la tsidya ilo. Pachimtengopo panalembedwa dzina lakuti The George of Stamford. Chikwangwani chamtunduwu Angerezi amachitchula ndi dzina la mtengo wonyongerapo anthu chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo eni nyumbayi amakonda kunena kuti chinkalonjera mlendo wabwino n'kumaopseza wachifwamba. Nkhaniyo njokoma kuimva, koma ine ndimaona kuti ntchito yake inali yapafupi: woyendetsa ngolo, kaya ndi usiku kaya m'chifunga, asaphonye poimira.

Stamford ili m'chigawo cha Lincolnshire ku England, makilomita pafupifupi 145 kumpoto kwa London. Msewu ndikunenawu ndi Great North Road, umene kwa zaka mazanamazana unali njira yaikulu yochokera ku London kupita ku York ndi ku Edinburgh. Lero George ndi hotela ya anthu olemera m'thumba, koma dzina lake linamveka m'nthawi ya ngolo zokokedwa ndi akavalo. Kuti mumvetse chifukwa chake nyumbayi ili ndi bwalo lalikulu kuseri kwake, yambani mwaika pambali za bedi ndi mbale, muganize za kavalo.

Kavalo amatopa. Akavalo anayi okoka ngolo yodzaza anthu ndi katundu, akamathamanga ndithu, amatha makilomita 16 mpaka 24 basi, mphamvu n'kuthera pomwepo. Ngati ulendo uti upitirire pa liwiro lomwelo, pamalo pamene atoperapo payenera kukhala akavalo ena anayi, odya kale, opumula kale, omangidwa kale malamba, ongodikira. Ndiye kuti msewu wonse wa makilomita oposa 600 wokafika ku Edinburgh unkafuna makola otere motsatizana ngati mikanda pachingwe. Nyumba za alendo zimene Angerezi amazitcha coaching inn zinali makola amenewo, zipinda zogona ndi khitchini zili kutsogolo kwake. Mtunda umene mwendo wa kavalo ungapirire ndi umene unkagamula kuti tauni iti idye ndalama za pamsewu, iti ingopenya fumbi.

Komabe George sinayambe ndi ngolo. Stamford inali tauni ya msika kuyambira kalekale, ndipo ku England mawu amenewa anali ndi tanthauzo la lamulo. Ufulu wochititsa msika pa tsiku lakutilakuti unkachokera kwa mfumu, ndipo amene waupatsidwa ndiye ankatolera msonkho kwa ogulitsa. Tauniyi inakhala pabwino, powolokera Welland, dera la nkhosa lili kumadzulo, madambo a Fens ali kum'mawa. M'zaka za m'ma 1200 inalemera ndi ubweya wa nkhosa ndi nsalu, n'chifukwa chake katauni kakang'ono chonchi kali ndi matchalitchi akale asanu oyandikana. Msika waukulu mpaka pano umachitika Lachisanu. Ndipo pamene pali msika pamafika amalonda akutali, ofuna pogona iwo eni, pogona ziweto zawo ndi posungira katundu.

Eni hotelayi amati pamalopa pakhala pakulandiridwa alendo kwa zaka pafupifupi 1,000. Nyumba zakale za alendo ku England zambiri zimadzitama chotero, ndipo zakazo zimakonda kuchuluka nkhani ikamakambidwa pamowa. Chodalirika n'chakuti kutsidya la kum'mwera kwa mlatho, m'dera la St Martin's, kunali nyumba za chipembedzo zosamalira apaulendo ndi osauka. Mbiri imayamba kuoneka bwino ndi munthu mmodzi, William Cecil, amene anatchedwanso Lord Burghley, nduna yodalirika ya Mfumukazi Elizabeth I kwa zaka 40. Iyeyu anamanga chinyumba cha Burghley House kunja pang'ono kwa tauni pakati pa 1555 ndi 1587. Mu 1597 anakhazikitsa nyumba yosungirako okalamba osauka pafupi ndi mlatho, ndipo mbiri ya George imati chaka chomwecho anamanganso gawo lalikulu la nyumba ya alendoyi. Anamwalira mu 1598, manda ake ali m'tchalitchi cha St Martin's, kungokwera pang'ono msewu womwewo. Zidzukulu zake, zimene zinkadziwika ndi udindo wa Earl of Exeter kenako Marquess of Exeter, ndizo zinakhala eni nthaka m'derali, ndipo khoma lakutsogolo la George limene timaliona lero linamangidwa m'zaka za m'ma 1720 ndi ndalama zawo. Banjali musaliiwale, libweranso kumapeto kwa nkhani.

M'nthawi ya Cecil si malo onse ogulitsa chakumwa amene ankatchedwa nyumba ya alendo. Mu 1577 boma linawerenga malo otere m'dzikomo n'kupeza nyumba za mowa wamba zoposa 14,000, zogulitsa vinyo zoposa 300, ndi za alendo zenizeni zoposa 1,600. Yomalizayi inali ndi ulemu wake komanso goli lake. Mwini wake sankaloledwa kubweza wapaulendo wokhoza kulipira ngati malo alipo, ndipo katundu wa mlendo akabedwa m'nyumbamo, wolipira anali mwini nyumba. N'chifukwa chake nyumbazi zinkamangidwa mozungulira bwalo lokhala ndi chipata chotsekeka usiku, chachitali ndi chotambalala moti ngolo n'kulowa.

Pali kapepala kena kotsatsa malonda ka mu Epulo 1706 kamene kamatisonyeza mmene maulendo oyambirira ankayendera. Ngolo inkanyamuka pa nyumba ya alendo ya Black Swan ku Holborn mu London, ina pa Black Swan ya ku Coney Street mu York, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, 5 koloko m'mawa. Ulendo wonse, wa makilomita pafupifupi 320, unali wa masiku anayi, ndipo eni ake anawonjezerapo mawu amene ifenso timawadziwa bwino: Mulungu akalola. Kapepalako kamatchula Stamford ngati pakatikati, masiku awiri kuchokera ku York, awiri ena kukafika ku London kudzera ku Huntingdon. Munthu aliyense ankaloledwa katundu wa mapaundi 14, kungoposa pang'ono makilogalamu 6, ndipo wopyola apo ankalipira mapeni atatu pa paundi iliyonse.

Pa liwiro limenelo nyumba ya alendo inkadyera pa bedi ndi chakudya chamadzulo, pakuti usiku ngolo zinkaima. Choichedwetsa chinali msewu. Lamulo la 1555 linapereka udindo wokonza misewu kwa anthu a m'mudzi uliwonse, aliyense kugwira masiku angapo pachaka popanda malipiro. Linali thangata ndithu, ndipo linkagwiridwa monga thangata limagwiridwira: mokoka miyendo. Mlimi wa m'mbali mwa Great North Road sankaona chifukwa chothyokera msana kukonza msewu umene akuwononga ndi ngolo za ku London ndi ng'ombe zochokera ku Scotland. M'nyengo yozizira mawilo ankatitimira m'dothi lamakande mpaka pachitsulo.

Mankhwala ake anali kulipiritsa wodutsa. Lamulo loyamba la zipata zolipiritsa linaperekedwa mu 1663 pa njira ya kumpoto yomweyi, ndipo chipata chake chodziwika chinali pa Wadesmill m'chigawo cha Hertfordshire. Pambuyo pake nyumba ya malamulo inayamba kuloleza makomiti a anthu a m'dera kutenga chigawo cha msewu, kukongola ndalama zoukonzera, n'kumabweza ngongoleyo ndi zotolera pachipata. Pofika m'zaka za m'ma 1830 makomiti otere anali oposa 1,000. Amene anadutsapo pa Chingeni kapena pa Kalinyeke akudziwa kale mmene zimakhalira, ndi mmene anthu amang'ung'udzira. Kumeneko kung'ung'udzako kunkafika pena, moti ku Wales pakati pa 1839 ndi 1843 amuna ankavala zovala za akazi usiku n'kukagumula zipatazo. Koma misewu inasintha. John Loudon McAdam anaonetsa kuti miyala yoswedwa ting'onoting'ono, yoyalidwa mokwezeka pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, imagwirana yokha mawilo akamaipondaponda. Ngolo nazo zinaikidwa masipuling'i achitsulo, zikumapepuka.

Chimene chinasintha kwambiri moyo wa m'nyumba ngati George chinali mtokoma. Kale makalata ankanyamulidwa ndi munthu mmodzi pakavalo, wochedwa komanso wosavuta kumulanda. John Palmer, mwini nyumba ya zisudzo ku Bath, anaumiriza boma kuti liyese kuwanyamula pa ngolo yothamanga yokhala ndi mlonda wa mfuti. Pa 2 Ogasiti 1784 ngolo yoyamba inachoka ku Bristol n'kukafika ku London m'maola 16, pamene kale ulendowo unkadya nthawi yoposa kuwirikiza kawiri. Pofika 1786 ngolo za mtokoma zinali zikupita ku Edinburgh. Zinkayenda usana ndi usiku, sizinkalipira pachipata, ndipo mlonda akaliza lipenga ali patali, wapachipata ankayenera kutsegula ngoloyo isanafike. Mlondayo anali wantchito wa positi, wovala jekete yofiira, wokhala yekha kumbuyo pamwamba pa bokosi la makalata, ali ndi mfuti yagogodela yakukamwa kotambalala ndi zina ziwiri zazing'ono. Ankanyamulanso wotchi yokhomedwa m'kabokosi, chifukwa masiku amenewo tauni iliyonse inkatchera nthawi yake poyang'ana dzuwa, ndipo positi sinkafuna zokangana za mphindi. Ngolo za anthu wamba zinayamba kupikisana ndi za mtokoma, mpaka ulendo wa ku York uja wa masiku anayi unatsika kufika pa maola pafupifupi 20.

Tayerekezani kuti ndi mwezi wa Januwale m'zaka za m'ma 1830, m'bandakucha. Ngolo ya mtokoma inanyamuka ku London 8 koloko madzulo a dzulo. Kukuzizira moti madzi a m'chomwera cha akavalo aundana pamwamba. Lipenga likumveka kumtunda kwa St Martin's. Mkulu wa khola, amene ankatchedwa ostler, sanagone tulo. Akavalo anayi watulutsa kale, aima awiriawiri atafunditsidwa pamsana, mpweya ukufuka m'mphuno ngati utsi. Ngolo isanaime n'komwe, anyamata ali kale pa malamba, wina kumasula awiri akutsogolo, wina awiri a pamtengo wokokera. Akavalo otopawo akuchoka okha kulowera kukhola, thovu lili mbuu m'khosi, miyendo ikunjenjemera. Atsopano akulowetsedwa chambuyo, maunyolo akukolekedwa, zingwe zikuponyedwa m'mwamba kwa woyendetsa, amene mwina sanatsike n'komwe, wangolandira kapu ya chakumwa chotentha ali pampando. Mlonda waponya thumba la makalata a Stamford, walandira lina, walemba nthawi papepala. Zofunda zikusololedwa pamisana, chikwapu chalira, ngolo yatsikira ku mlatho. Zonsezi mphindi ziwiri kapena zitatu. Amene watsala ndi ntchito ndi mnyamata wa kukhola, woti apukute akavalo anayi onyowa thukuta ndi udzu mpaka aume, apo ayi agwidwa chifuwa.

Mbiri ya George imati malonda atafika pachimake ngolo 40 zinkadutsa tsiku lililonse, 20 zolowera ku London, 20 zolowera kumpoto. Werengerani nokha: ngolo iliyonse akavalo anayi. Ntchito yonseyo sinali ya nyumba imodzi, pakuti m'tauniyi munali nyumba zina za alendo monga Crown ndi Bull and Swan, koma mukuona kuchuluka kwa ziweto zimene tauni yaing'ono inkayenera kudyetsa. Kavalo aliyense amafuna udzu wouma, mbewu ya oats, udzu wogonera ndi nsapato zachitsulo. Pamenepo panadyera alimi a m'midzi yozungulira, osula zitsulo, osoka zikopa, okonza mawilo, ofulula mowa, ochapa, ophika, atsikana oyala mabedi ndi anyamata opukuta nsapato za alendo. Ndowe nazo zinkagulitsidwa kubwerera kuminda.

Kayendetsedwe ka bizinesiyi n'kochititsa chidwi. Kawirikawiri ngolo sinali ya munthu mmodzi. Eni nyumba za alendo a m'mbali mwa msewu ankagwirizana, aliyense n'kulonjeza kupereka akavalo pa chigawo chake, ndalama za matikiti n'kumagawana molingana ndi mtunda umene akavalo a aliyense akoka. Choncho mwini nyumba ya alendo anali mwini mayendedwe, ndipo chuma chake chambiri chinali cha miyendo inayi. Chumacho chinkatha msanga. Kavalo wa ngolo yothamanga ankagwira zaka zitatu kapena zinayi, kenako n'kugulitsidwa kwa alimi kapena kwa okoka katundu. Akavalo akhungu ndi opunduka ankawasungira maulendo ausiku, pamene apaulendo sangaone chimene chikuwakoka. Zithunzi zokongola za ngolo m'chipale chofewa, zimene Angerezi amakonda kuika pa makadi a Khirisimasi, zimenezi sizionetsa.

Phindu lonona linkachokera kwa olemera, amene sankafuna kukhala mothithikana ndi anthu osawadziwa. Iwowa ankabwera ndi ngolo yawoyawo kapena kubwereka yaing'ono, n'kumachita hayala akavalo pa nyumba iliyonse, pamodzi ndi wowakwera amene ankawaperekeza chigawo chimodzi n'kubwerera nawo. Okwerawo ankatchedwa anyamata ngakhale ena anali ndi imvi. Anthu apakati ankakwera ngolo ya onse, anayi kapena asanu ndi mmodzi mkati, ena khumi kapena kuposerapo padenga, olipira pafupifupi theka la mtengo wa mkati n'kumalandira mvula ndi chisanu chonse. Osauka ankayenda pansi kapena kukwera ngolo za katundu zoyenda ngati kamba. Ulendo wa pa ngolo unali wodula, ndipo pamwamba pa tikiti panali kangachepe ka woyendetsa, ka mlonda, ka woperekera zakudya, aliyense dzanja lili tambalale.

Mlendo ndi mame, ndipo wa pa ngolo anali mame enieni. Poima kuti anthu adye pankaperekedwa mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo dandaulo la apaulendo a nthawiyo linali limodzi paliponse: msuzi umabwera mochedwa uli wotentha moti sungamweke, nyama ikamafika lipenga likulira, iwe walipira kale. Ankaganiza kuti nyama yomweyo idikira ngolo yotsatira. Ku George chotsala cha masiku amenewo ndi zipinda ziwiri za m'mbali mwa khomo lolowera, chimodzi chotchedwa London, china York. M'menemo ndi mmene apaulendo ankadikirira, olowera kum'mwera kwawo, olowera kumpoto kwawo, kuti ngolo ikafika pasakhale chipwirikiti. Chipinda cha York lero ndi malo omwera mowa.

Eni tauni nawo ankaigwiritsa ntchito nyumba yotere. Tsiku la msika alimi akuluakulu ankadyera pamodzi m'nyumba ya alendo, mitengo ya tirigu ndi nkhosa n'kumamvana pathebulo. Malo ndi nyumba zinkagulitsidwa pa okushoni m'zipinda zake, misonkhano ndi madansi zinkachitikira momwemo, ndipo nthawi ya chisankho opikisana ankathiramo mowa kwa ovota. Nkhani za ku London zinkayamba kumveka pabwalo la ngolo zisanalowe mu Stamford Mercury, nyuzipepala ya m'tauniyi imene yakhala ikutuluka kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Mbiri ya nyumbayi imatchulanso mafumu Charles I ndi William III pakati pa amene anagonamo, koma nyumba iliyonse yaikulu pa msewuwu ili ndi mfumu yake. Angel and Royal ya ku Grantham, makilomita oposa 30 kumpoto, imanyadira kuti Richard III anali m'menemo mu 1483 pamene ankalamula zothana ndi Duke of Buckingham. Bell ya ku Stilton, kum'mwera, inachita zoposa: mwini wake Cooper Thornhill ankagulitsa kwa apaulendo tchizi chochokera kudera la Leicestershire, ndipo tchizicho chinatenga dzina la mudzi umene chinkagulitsidwira mpaka lero.

Mlendo amene George imamukumbukira koposa sanagonemo n'komwe pa ulendo wake womaliza. Daniel Lambert wa ku Leicester, amene ankadziwika kuti ndiye munthu wonenepa kuposa onse ku England, anafika ku Stamford mu Juni 1809 nthawi ya mpikisano wa akavalo, kuti anthu azilipira pomuona. Anafikira ku Waggon and Horses, m'chipinda chapansi poti masitepe sankawatha, ndipo anamwalira mwadzidzidzi pa 21 Juni ali ndi zaka 39, akulemera makilogalamu 335. Kuti mtembo utuluke anachita kugumula zenera ndi mbali ya khoma, bokosi lake n'kuliika pa mawilo kukafika kumanda a St Martin's. Chithunzi chake chapachikidwa polowera mu George, ndipo ndodo yake imasungidwa momwemo.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera chikuliza wezulo aliyense akumva. Njanji ya Liverpool ndi Manchester inatsegulidwa mu 1830, ya London ndi Birmingham mu 1838, ndipo chaka chomwecho lamulo linapatsa positi mphamvu yotumiza makalata pa sitima. Ochenjera anaona msanga. William Chaplin, mwini ngolo wamkulu kuposa onse mu London, wa akavalo oposa 1,000, anagulitsa zambiri mwa ngolo zake, ndalama n'kuziika mu njanji, mpaka anadzakhala wapampando wa kampani ya London and South Western Railway. Mwini nyumba ya alendo ya kumudzi analibe kothawira kotero, poti chuma chake chinali makoma ndi makola omangidwa pamsewu. Chopweteka n'chakuti Stamford inayamba kuluza njanji isanayandikire n'komwe. Pofika 1840 munthu ankatha kuchoka ku London kukafika ku York pa sitima, mozungulira kudzera ku Rugby ndi ku Derby, pa theka la nthawi ya ngolo. Wopita ku York analibenso chifukwa chodutsira pansi pa chimtengo chija. Ngolo yomaliza ya mtokoma yochokera ku London inayenda mu 1846. Ntchito imene inatenga zaka zoposa 100 kuti ifike pachimake inagwa m'zaka khumi.

Apa ndi pamene banja la Cecil likubwereranso. Kampani ya Great Northern Railway itakonza zomanga njanji yolunjika kumpoto, ambiri ankayembekezera kuti itsata msewu wakale n'kudzera ku Stamford. Inadzera ku Peterborough, makilomita pafupifupi 20 kum'mawa, ndipo njira ya ku Grantham inatsegulidwa mu 1852. Nkhani imene anthu a m'tauniyi akhala akusimba njakuti amene anaikana njanjiyo anali Brownlow Cecil, Marquess of Exeter wachiwiri. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Stamford inkatumiza aphungu awiri ku nyumba ya malamulo, mavoti ankaponyedwa poyera mpaka 1872, ndipo munthu wochita lendi m'nyumba ya a Cecil ankadziwa chimene chingamuonekere akavotera kwina. Njanji ikanabweretsa mafakitale, mafakitale n'kubweretsa anthu achilendo osaopa bwana. Banja lomweli linachedwetsa kugawa minda yozungulira tauni mpaka m'zaka za m'ma 1870, moti tauni inalibe kofutukukira. Akatswiri ena a mbiri amati mlandu wonse usagwere munthu mmodzi, poti njira ya ku Peterborough inali yosavuta kumanga ndipo inali ndi akuluakulu ake oikokera kwawo, monga Earl Fitzwilliam. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona, koma zimene Marquess anachita pambuyo pake zimanena zambiri: iye yemwe anatsogolera ndi kuthira ndalama pa kanjanji kakang'ono ka makilomita 6 kolumikiza Stamford ndi njanji yaikulu pa Essendine, kamene kanatsegulidwa mu 1856. Kanatsekedwa mu 1959.

Zotsatira zake zikuoneka ndi maso. Peterborough inakula ndi njanji, njerwa ndi mafakitale, lero ili ndi anthu oposa 200,000. Stamford ili ndi anthu pafupifupi 20,000. Nyumba zambiri za alendo pa Great North Road zinasanduka nyumba za alimi, zina zinagawidwa kukhala mashopu, makola n'kugwa. Zimene zinapulumuka, ngati George, zinali za m'matauni a msika, chifukwa alimi a Lachisanu, ogulitsa malonda oyendayenda ndi olemera okonda kusaka nkhandwe pa akavalo sanasiye kubwera. Kunalibe ndalama zogwetsera nyumba zakale n'kumanga zatsopano, ndiye zakalezo zinangokhala. Umphawi wa zaka zimenezo ndi umene unasunga miyala imene alendo amadzajambula lero.

Msewu unadzukanso ndi njinga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako galimoto. Great North Road inapatsidwa nambala ya A1 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, makola ena anasanduka magalaja, ndipo chimtengo chija chinayambanso kuitana apaulendo. Koma walira mvula walira matope. Pofika m'zaka za m'ma 1950 malole onse opita kumpoto ankapanikizana pa mlatho wopapatiza wa Welland n'kumakwera msewu wa St Mary's Hill mokhotakhota, nyumba zikunjenjemera. Mu 1960 anatsegula msewu wolambalala tauni chakumadzulo. Kulambalalidwa kwachiwiriku anthu anakulandira ndi manja awiri. Mu 1967 Stamford inakhala tauni yoyamba ku England kuikidwa pansi pa lamulo latsopano loteteza dera lonse la nyumba zakale, ndipo nyumba zake zoposa 600 zili m'kaundula wa zotetezedwa. Akavalo nawo anabwerera mwa njira ina: kuyambira 1961 ku Burghley kumachitika mpikisano waukulu wa okwera akavalo chakumayambiriro kwa Seputembala, ndipo sabata imeneyo bedi ku Stamford limasowa.

Bwalo limene anyamata ankathamangamo ndi malamba lero lili ndi matebulo ndi maluwa, anthu akumwa tiyi. Mukatuluka n'kukhota pakona ya hotelayi, msewu wake ndi Station Road, ndipo mphindi zochepa mwafika pa siteshoni imene inamangidwa mu 1848 pa njanji ya kampani ya Midland. Njanji imeneyo imayenda chopingasa, kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Wofuna kupita ku London kapena ku York amakwera sitima yolowera ku Peterborough, n'kukasintha kumeneko.